Alamu Anga a Kenako ndi Zala za Amisiri

Alamu anga, akazi a achimwene anga aakulu, kuntchito amadziwika ndi dzina loti a Kenako, ndipo dzinalo ndinawapatsa ndine. Ndikunena poyera kuti mawa wina asadzadye ulemu wanga. Uwauze kuti, "Alamu, lero ndatukwanizana ndi wapolisi wa pamsewu," safunsa kuti walakwa ndani. Amangopendeketsa mutu n'kuti, "Kenako?" Ukayankha, "Kenako?" Ukayankhanso, "Kenako?" Pomaliza umapezeka kuti wadziweruza wekha, iwo asanatulutse mawu ena alionse.

Ine ndine dalaivala. Anzanga amanditcha Wailesi, akuti ndilibe batani lochepetsera mawu. Mtima wanga ndi wapachala, sindikana. Sukulu ndinaisiya panjira ngati nsapato yothina, ndipo galimoto ndinaiphunzira ndi maso ndili woitanira minibasi. Koma za alamu angawa mumvere ine, chifukwa ndawaona kuyambira tsiku limene analowa m'nyumba mwathu ndi sutikesi yomanga ndi lamba.

Achimwene ndi telala, munthu wofatsa moti ntchentche imatera pamphuno n'kupumulapo. Makina awo osokera anali pawindo, tebulo lositira lili kuseri kwa chitseko, ulusi uli m'chitini pansi pa bedi. Akasoka mkono wa malaya ankadzuka kukasita, n'kubwerera, n'kugwada kusaka ulusi, tsiku lonse ali uku ndi uku ngati munthu wotsegula m'mimba. Alamu ankangokhala pampando kuwayang'ana, mwezi woyamba wa banja, nthawi imene anzawo amayang'anana m'maso. Tsiku lina achimwene atapita kogula mabatani, anakokera tebulo lositira pafupi ndi makina, chitini n'kuchipachika pamsomali. Achimwene anatupa nazo, akuti nyumba yawo yasanduka ya eni. Koma mathalauza anayamba kutuluka msanga, ndipo mpaka lero tebulolo lili pomwepo. Ana awo anakula akudziwa kuti nsapato za kusukulu zimagona pakhomo zitayang'ana kunja.

Musaganize kuti ndi munthu wouma mtima. Pamene ndinkalephera mayeso a laisensi, chifukwa cha zolemba, osati chiwongolero, ndi iwo amene ankandikhazika pakhonde ndi zizindikiro za pamsewu zojambula pamakatoni. Ndikalakwitsa ndinkalusa n'kumwaza makatoniwo. Iwo ankatola, n'kusasa fumbi, n'kuti, "Mwamaliza, alamu? Kenako?" Laisensi ndinaipeza. Ntchito ndili nayoyi anandilankhulira ndi iwo. Choncho amene akufuna kuwanena alamu anga adutse kaye pa ine, ndipo thupi langa mukuliona, m'mbali mulibe mpata.

Kampani yathu imakonza mafiliji ndi masitovu. Tili ndi mashedi awiri, yakale imene ili kuseri kwa ofesi, ndi yatsopano ya kutsidya kwa njanji. Mwini wake atakalamba anasiyira mwana wake, amene timawatcha a Tayi, poti ngakhale dzuwa liswe mtengo tayi sachoka pakhosi. Si munthu woipa ayi, kungoti ndi waphuma. Iwowa ndi amene anabweretsa pulogalamu ya pakompyuta yolondola ntchito.

Ndikufotokozereni mmene imayendera, poti nkhani yonse yagona pamenepa. Filiji ikafika imapatsidwa nambala. Pakhoma la shedi iliyonse anakhomapo tabuleti, chifoni chachikulu chija chopanda mabatani. Aliyense akamaliza gawo lake amapita pamenepo, amalowetsa nambala yake yachinsinsi, n'kudina pagalasi: yalandiridwa, yapimidwa, yakonzedwa, yayesedwa. Ine ndikakatula filiji kwa mwini wake ndimadina pafoni yanga kuti yaperekedwa. Pulogalamuyo imatola zodinazi n'kujambula njira, timabokosi tolumikizana ndi mivi. Pamene padutsa mafiliji ambiri mzere umanenepa, pamene padutsa ochepa umaonda ngati ulusi. Ndipo a Tayi anatiopseza tsiku loyamba lomwe: wopatsa mnzake nambala yachinsinsi, kapena wogwiritsa ntchito ya mnzake, atenge chikwama chake aone msewu. Lamulo limenelo tinalisunga ngati dzira.

Nthawi imeneyo alamu anali pakauntala, kulandira makasitomala. Akatswiri atabwera kudzatiphunzitsa, ife tonse tinkangogwedeza mitu kuti zithe msanga. Alamu okha anawapanikiza ndi "kenako?" wawo uja mpaka mmodzi anavula jekete. Pochoka anauza a Tayi kuti asavutike kulemba munthu wina, mayi awa agwira kale. Basi anawapatsa kachipinda kamene kale tinkasungiramo matayala, kompyuta, fani yotembenuza mutu modandaula, ndi filiji yakufa imene amasungiramo mafayilo, makapu ndi nsapato zawo zoyendera. Ntchito yawo ndi kuyang'ana njira: ya shedi iyi pambali pa ya shedi iyo, ya mwezi uno pambali pa ya mwezi watha, imene bwana anafuna pambali pa imene filiji inayendadi, n'kuona pamene zasiyana. Ndi iwo anatulukira kuti masitovu ankagona pa yapimidwa mpaka kuchita dzimbiri, chifukwa a pakauntala ankaganiza kuti woimbira foni mwini sitovu ndi mmisiri, mmisiri akuganiza kuti ndi a pakauntala. Aliyense ankadikira mnzake mwaulemu, kasitomala akuphikira pamoto.

Tsopano ndikuuzeni za Amisiri. Awa ndi madala a shedi yakale, anayamba ndi bambo a bwana kampani ikunyamulira mafiliji pawilibala. Musawaganizire ngati nkhalamba yofatsa. Munthu wodzitama ngati iwo sindinamuonepo. Amati m'tauni muno amisiri a filiji alipo awiri, iwo ndi amene amamuona pagalasi pometa ndevu. Ovolosi yotsegula pachifuwa, magalasi omanga ndi waya, makiyi a kabati ya zipangizo akulira m'thumba. Filiji amaitchera khutu ngati dokotala, n'kuitukwana, n'kuiimbira nyimbo. Ine amanditcha "iwe phokoso". Mayi a kunyumba kwawo anatisiya, ana ali kutali, ndiye shediyo ndiyo nyumba yawo. Kumene amagona n'kosinthira zovala chabe.

Tabuleti itakhomedwa, Amisiri sankaiyandikira. Akamaliza filiji ankangotukula manja akuda bii ndi girisi n'kufuula, "Iwe phokoso, tandidinira uko! Ukufuna ndidetse chidole cha abwana ako?" Ine n'kuthamanga. Munthu wamkulu akakutuma sufunsa. Ndipo poti nambala ya mnzako ndi yoletsedwa, ndinkalowetsa yanga. Nthawi zambiri ndinkakhala ndili paulendo, ndiye ndikabwerako ankanditchulira zonse pamodzi: "Ija ya mayi wa saluni, ija ya kubala, yofiira ija, dina zonse." Zina mwa izo ndinali nditakatula kale kwa eni ake. Ine ndinkaona kuti ndikuchita ulemu, ndipo malamulo onse ndikusunga.

Tsiku lina a Tayi anandiitanitsa ku ofesi. Anandipatsa mpando wofewa, mpaka chakumwa chozizira. Ndinadziwa kuti pali kanthu, bwana sapatsa dalaivala kapu yagalasi pachabe.

"Adalaivala," anatero, "bwanji munkabisa luso lanu?"

"Luso liti, bwana? Lokhota pakona?"

Anatembenuza kompyuta. Panali mayina athu, ndipo pa mawu oti yakonzedwa dzina langa linali pamwamba penipeni, kuposa onse a shedi yatsopano.

"Ndaganiza kuti musiye galimoto, muziyang'anira shedi yakale. Amisiri dzina lawo silikuoneka paliponse. Mwezi ukatha akapume."

Ndisaname, kwa kamphindi chifuwa chinatukumuka. Ine, amene ndikakwera pampando kusintha babu ana amathawira panja! Koma mawu omaliza aja atafika m'mutu ndinaimirira, mpando n'kugwa chagada.

"Akapume ndani? Bwana, mukudwala? Ine filiji ndimaidziwa kulemera kwake kokha! Ndimangowadinira!"

"Chepetsani mawu."

"Sindichepetsa! Munthu anakunyamulani muli ndi mamina, lero mukumutaya ngati botolo la gasi lotha?"

Mamina ajawo ndi amene anaononga zinthu. Nkhope ya a Tayi inauma. Anati ndiye pali ziwiri: kapena ndakhala ndikunamiza kompyuta, kapena ndikunamiza iwo pofuna kupulumutsa mnzanga. Anatsika okha kushedi kukafunsa Amisiri chifukwa chimene sadinira. Amisiri, m'malo mofatsa, anapitiriza kupukuta sipanala osacheuka n'komwe. "Ine sindisewera ndi zidole za ana." A Tayi anangoti wokana dongosolo la kampani wadzichotsa yekha, n'kutembenuka.

Ndinakwera kwa alamu magazi akuwira. Chitseko ndinatsegula ndi phazi.

"Mizere yanuyi yadya munthu! Mwakhala pano ndi fani yanu kujambula ulusi, kunja madala akuchotsedwa ntchito! Mwatigulitsa, alamu!"

Anandisiya ndikhuthule zonse. Anatsegula filiji yakufa ija, n'kutulutsa kapu, n'kundithirira madzi.

"Mwamaliza, alamu?"

"Sindinamalize!"

"Chabwino. Kenako?"

Ndinakhala pansi.

Alamu anandiuza kuti a Tayi anangoyang'ana tsamba la mayina, njira sanazione. Iwo anali atauzidwa kale kuti pamsonkhano wa sabata yotsatira adzafananitse mashedi awiriwa, ndipo panali chinthu chimene chinkawasowetsa mtendere. Anaika zithunzi ziwiri moyandikana. Njira ya shedi yatsopano inali yowongoka ngati msewu wa phula: yalandiridwa, yapimidwa, yakonzedwa, yayesedwa, yaperekedwa. Ya kwathu, kushedi yakale, inali ngati pamene yapalasa nkhuku.

"Taonani apa," anatero akuloza ndi chivindikiro cha cholembera. "Filiji iyi yalandiridwa, yaperekedwa kwa mwini wake, kenako yakonzedwa. Alamu, munkaikonza bwanji ili kale kukhitchini kwa eni? Munkatuma mphepo? Ndipo apa mwakonza mulu wonse wa mafiliji musanameze malovu."

"Ndanena kale, ndimangodina!"

"Ine ndikukhulupirira. Ketulo ya muofesi muno munaikonza ndinu, mpaka lero madzi sawira. Koma bwana safuna chikhulupiriro changa. Mzere sunama, alamu, komanso sudziwa kanthu. Umangobwereza zimene chala chauuza. Dzanja la Amisiri ndilipeza m'mizeremu, limenelo musadandaule. Funso langa ndi lina: n'chifukwa chiyani sadina okha?"

"Girisi."

"Girisi sachoka ndi sopo?"

Ndinatsegula pakamwa, n'kutsekanso. Zimenezi sizichitikachitika, mukafunse.

M'mawa mwake alamu anavula nsapato za muofesi, n'kuvala zoyendera, n'kutsika kushedi. Anati akufuna kulondola filiji imodzi ndi mapazi. Amisiri anawalandira ndi mnyozo. "Afika akazitape a bwana. Khalani patali, mayi, gasi angakuzungulitseni mutu." Alamu anangoti, "Zikomo, bambo," n'kukhala pakireti. Anaona filiji ikupimidwa, ikutsegulidwa kumsana, ikuwotchereredwa. Anaonanso ikungokhala kukamwa yasa kudikira kachipangizo, chifukwa Amisiri anali atatuluka kukamwa tiyi makiyi a kabati ali m'thumba, wina aliyense osatha kutulutsa ngakhale kawaya.

Masana anthu atabalalika kukadya, alamu anandikoka malaya n'kundilowetsa kuseri kwa mafiliji akufa, aja timachotsako zitsulo. Ndinati ndifunse, anandigwira pakamwa ndi dzanja. Ine, bambo wa ana, kugwidwa pakamwa!

Amisiri anayang'ana uku ndi uku. Anapita pampopi n'kusamba m'manja ndi sopo, kusamba kwenikweni, mpaka m'zikhadabo. Anapukuta pa ovolosi. Kenako anayenda monyang'ama kupita pa tabuleti ija, anakonza magalasi, n'kutulutsa chala. Anadina. Palibe chinachitika. Anadinanso mwamphamvu, tabuleti mpaka kulira pakhoma. Galasi lili phee. Anayesa chala china, anayesa chachikulu, anachiuzira mpweya, anayesanso. Atatopa anayang'ana manja awo nthawi yaitali, zala zija zouma gwa ngati khungwa ndi moto wowotcherera ndi zitsulo za moyo wonse, n'kuwabisa m'matumba.

Ndinafuna kutuluka ndikaizule tabuletiyo ndiipondeponde. Alamu anandiponda phazi ineyo.

Tinatulukira kuseri mpaka pagalimoto. Anati anakayikira m'mawa, ataona pulasitiki ya pagalasi itabooka pamalo a manambala, ngati pali wina amakanikiza ndi mphamvu ya sipanala. Galasi lotere, akuti, limamva chala chofewa; chouma ndi chokhakhala nthawi zina silichimva.

"Ndiye tikawauze bwana! Nkhani yatha!"

"Kenako?"

"Kenako awasiya pantchito!"

"Kenako shedi yonse idziwa kuti Amisiri anagonja ndi galasi limene mwana woyamwa amasewera nalo. Kenako?"

Ndinaganiza. Madala aja akanatenga chipewa chawo n'kuchoka okha, osatsanzika.

"Alamu," anatero, "ndikupempheni chinthu chovuta kuposa laisensi. Mutseke pakamwa."

Masiku amenewo ndinaona zakuda. Mawu ankandiyabwa ngati chitedze. Ndinkayendetsa galimoto ndikuluma mlomo, mpaka mkazi wanga anafunsa ngati dzino likundiwawa. Kuwadinira Amisiri alamu anali atandiletsa, ndiye madalawo akamaliza filiji ankangoisuntha pambali mwakachetechete. Nyimbo zinatha m'shedi. Ngakhale kutukwana anasiya, ndipo zimenezi ndi zimene zinandiopsa. Tsiku lina ndinawapeza akukulunga zida zawo m'nsanza, chimodzichimodzi, ngati makanda.

"Iwe phokoso, sipanala iyi utenge, uzimangira matayala."

"Sinditenga."

"Tenga, chitsiru iwe."

"Chitsiru ndinu, madala! Mukupita kuti?"

Anangobwerera kukulunga zida zawo. Ndinathawira m'galimoto chinsinsi chisanadumphe chokha.

Poweruka ndinapita kwa achimwene kukadandaula kuti akazi awo akuchedwa, munthu akulongedza. Achimwene sanasiye kupalasa makina. "Asiye," anatero ulusi uli pakamwa. "Akakhala chete ndiye kuti akusuntha tebulo."

Msonkhano unachitikira m'shedi momwemo, poti alamu anapempha choncho. Anaika kompyuta ya m'manja pamwamba pa filiji yogoneka. A Tayi anaima atapinda manja. Amisiri anakhala patali, atalozetsa msana kwa ife, akupala chitsulo chimene sichinkafunika kupala.

Alamu anayamba ndi njira ziwiri zija, yowongoka ndi yopalasa nkhuku. A Tayi ataona filiji yoperekedwa isanakonzedwe, nsidze zinakwera. Kenako alamu anauza pulogalamu kuti igawe njira ya shedi yathu pawiri: masiku amene Amisiri analipo mbali iyi, ndi sabata ina imene anagona kuchipatala ndi bondo mbali iyo.

"Uku, bwana, adalaivala akukonza mafiliji ngati mvula. Uku, sabata imene Amisiri kunalibe, adalaivala omwewa analipo tsiku ndi tsiku, akunyamula, akutula, koma sanakonze ngakhale imodzi. Mafiliji anangounjikana pa yalandiridwa mpaka tinawatumiza kutsidya. Amisiri atabwerako, luso la alamu anga linabwereranso. Ndiye kapena luso lawolo limagona m'bondo la Amisiri, kapena wokonza ndi wina."

Shedi yonse inaphulika ndi chiseko. Ine ndinafuula, "Mwamva? Mwamva?" Alamu anandiyang'ana kamodzi, ndinazima.

A Tayi sanaseke, koma anamasula tayi pang'ono, chinthu chimene sitinaonepo. "Ndamva. Ntchito ndi yawo. Koma kampani sindingaiyendetse ndi njira yabodza. Munthu amene akukana kudina yekha..."

"Pamenepo vuto ndi la tabuleti, bwana," alamu anatero. "Galasi ili analipangira anthu a muofesi. M'shedi muno manja amagwira moto, mafuta ndi zitsulo, ndiye pamafunika chida." Anapisa m'chikwama n'kutulutsa kacholembera kachitsulo kokhala ndi labala kunsonga. Anati chidacho chikhala cha shedi, ndipo monga zida zonse, wosunga ndi mmisiri wamkulu. Anapita nacho kwa Amisiri atachigwira ndi manja awiri. "Bambo, tachionani ngati n'cholimba. Ine za zitsulo sindizidziwa."

Amisiri anatembenuka pang'onopang'ono. Anachilandira ngati akulandira chinthu chonunkha. Anachiyeza kulemera m'dzanja, anachigogoda pafiliji, anakanda labalayo ndi chikhadabo. "Chitsulo chake n'chachabechabe," anatero. Kenako anawayang'ana alamu pamwamba pa magalasi, nthawi yaitali, ndipo ine ndikuti pamenepo anazindikira kuti mayiwa akudziwa. Alamu anayang'ana pansi ngati akusaka ndolo yotayika.

Amisiri anayenda kupita pakhoma. Ine ndinadzifunsa: nanga nambala yachinsinsi akuikumbukira? Iii, munthu amene wakhala akuiyesa yekha masana onse aja angaiwale? Labala linakhudza galasi, nambala inatulukira. Linakhudzanso, ina inatulukira. Tabuleti inatseguka n'kulemba dzina lawo. Anasaka filiji imene anali atangoimaliza m'mawawo, n'kudina yakonzedwa, mofatsa ngati akugoneka khanda.

Alamu anatembenuza kompyuta kuti tonse tione. Pakati pa chipwirikiti chija panatuluka kamzere katsopano, kopyapyala, kolowa pa yakonzedwa, dzina la Amisiri lili pomwepo.

"Zikamayenda chonchi," a Tayi anatero, "nkhani yopuma ija yatha." Kenako anandiloza ine. "Inu mubwerere kugalimoto. Ndipo za mamina zija sindinaiwale." Ndinapepesa, mokweza, kuti ndi a kutsidya kwa njanji omwe amve.

Amisiri anaweramira pakompyuta, mphuno pafupi ndi galasi. "Umenewu ndiye mzere wanga? Woonda chonchi? Wa phokosoyu n'kukhala wonenepa ngati mwini wake? Mayi, taunenepetsani."

"Sindingathe, bambo. Umanenepa ndi mafiliji."

"Ndiye muuona." Anasomeka chidacho m'thumba la pachifuwa, pamene chingaoneke bwino. Atatero anapendeketsa mutu kuwatsanzira alamu, n'kuti, "Kenako?"

"Kenako makiyi a kabati, bambo." Alamu anatambasula dzanja. "Filiji ija ndinailondola inakhala ikudikira inu muli kotiyi, makiyi ali m'thumba. Tiwapachike pamsomali."

Apo ndiye panabuka nkhondo! Amisiri anakalipa mpaka malata kuyankha, akuti makiyi amenewo anawapatsa ndi bambo a bwana, akuti m'shedi muno muli akuba, akuti mayi uyu akufuna kulanda ufumu. Ine ndinalowerera mbali zonse ziwiri, kukalipira Amisiri chifukwa cha alamu, n'kukalipira alamu chifukwa cha Amisiri. Koma mumtima ndinkavina, poti kutukwana kunali kutabwerera. Alamu anangoima, dzanja lili chitambasulire. Achimwene akanakhalapo akanawauza madalawo kuti akutaya malovu. Makiyi ali pamsomali.

Za zala zija ine sindinaulule, ndipo ndikufuna zimenezi zidziwike, chifukwa zinandiwawa kuposa kunyamula filiji pamasitepe. Anaulula eni ake. Masiku ano kasitomala aliyense amamuonetsa manja. "Mukuziona zala izi? Galasi limaziopa, ndikalikhudza limakomoka. Mpaka kampani inachita kundigulira chida chapadera." Chida cha shedi chija anachimangirira tcheni, ndipo wina akangochikhudza ndi mlandu.

Mzere wawo unanenepa. Wanga pa yakonzedwa unafota mpaka kuzimiririka. Ndinakwera kukadandaula kwa alamu kuti andilanda umisiri wokhawo umene ndinakhalapo nawo m'moyo. Anamvetsera mpaka ndinamaliza. Kenako anatsegula filiji yakufa ija, n'kutulutsa ketulo ndinawaonongera ija, n'kundipatsa ndi manja awiri.

"Yambirani apa, amisiri."